Uthenga wa Maliro M'chipinda cha a Walter

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene akuluakulu anandisenzetsa uthenga wa maliro n'kundiuza kuti ndiusunge mpaka madzulo. Inali nyengo yotentha, sukulu titatsekera. Ine ndi amayi tinkakhala kutsidya kwa nyanja, ku Germantown, m'zipinda zapansi pa nyumba ya eni ake, momwe zenera linkangotionetsa matayala a galimoto ndi miyendo ya anthu odutsa. M'dziko muno ndinali ndisanakhalitse. Chingerezi chinali chitayamba kuterera pakamwa, koma kulota ndinkalotabe m'Chichewa, ndipo maloto ambiri ankandibwezera ku Chilobwe, pakhonde pa amayi aang'ono, a Esnart.

A Esnart anali mng'ono wawo wa amayi. Amayi pobwera kuno kudzasaka ntchito anandisiya m'manja mwawo ndili ndi zaka zisanu, ndipo anandilera mpaka mapepala anga atatheka. Ndi iwo anandizula dzino loyamba ndi ulusi. Ndi iwo ankandiluka tsitsi Loweruka masana, atandipana pakati pa mawondo awo, uku akutafuna mzimbe, ndikagwedeza mutu n'kundigogoda ndi chipeso. Kunena zoona, amayi ondibereka ndinayamba kuwazolowera titakumana pabwalo la ndege. Amene ndinkadziwa fungo lawo anali a Esnart. Nthawi imene ndikunenayi anali oyembekezera mwana wawo woyamba, ndipo pakona m'chipinda chathu panali chikwama chimene amayi ankaponyamo timalaya ta khanda, kudikira munthu wopita kumudzi.

M'mawa wa tsikulo foni inalira amayi ali m'bafa. Anali anti Beatrice, mnzawo wa amayi wochokera ku Zambia, amene tinkapemphera nawo mpingo umodzi. Anali munthu waphokoso, woseka ndi thupi lonse, koma tsiku limenelo mawu awo anali aang'ono ngati a munthu wa chimfine.

"Tadala, ba mami bako bali kuti?"

"Akusamba."

"Bazaweluka nthawi bwanji lelo?"

Ndinawauza. Iwo sanadule foni, ndipo ndinkawamva akukoka mamina. Ine ndinali mwana wosadziwa kusiya chinthu, choncho ndinafunsa ngati akulira, ndinafunsanso kuti chachitika n'chiyani. Apo m'pamene anasweka.

"Ba Esnart, mwana wanga. Ku chipatala, pobeleka. Kamwana kali moyo, koma beve batisiya." Kenako anazindikira amene akulankhula naye. "Yesu wanga, nakamba chani. Manje mvela, Tadala. Usauze ba mami bako. BP yao uidziwa. Bakamvela bali beka, kapena bali pa msewu, tizaika maliro awili. Ise tonse tili pa shifiti. Tizabwela m'madzulo na bazimai ba ku chechi. Ndiwe mkulu manje. Limba."

Sindiwaimba mlandu anti Beatrice, ngakhale kwa zaka zambiri ndinkawapatsa moni wa pamwamba pa mano. Kwathu uthenga wa imfa sauponya pafoni kwa mwini wake. Amasonkhanitsa anthu, amapita kwa iye, amakhala naye, kuti akagwa pakhale manja omugwira. Achibale ku Blantyre anachita momwe ziyenera kukhalira: anaimbira mnzawo wa amayi m'malo moimbira amayi. Koma mwambo umenewu unayambitsidwa ndi anthu amene mnzawo amakhala kuseri kwa mpanda, ukakuwa amamva. Kuno mnzako amakhala ali tauni ina, akutembenuza nkhalamba pabedi, ndipo sangaisiye yokha chifukwa kwanu kwagwa zovuta. Mwambo unayenera kudikira kuti mashifiti athe, ndipo podikirapo anaika ine.

Amayi anatuluka m'bafa akung'ung'udza kanyimbo, atavala yunifolomu yawo ya maluwa.

"Anali ndani?"

"Anti Beatrice. Amangopereka moni."

"Moni m'mamawa muno? Ameneyo akufuna kubwereka poto wanga wamkulu, ndikumudziwa. Vala nsapato, tachedwa."

Pa tchuthi amayi sankandisiya ndekha, ankapita nane kuntchito. Ulendo wa ku Greenbelt unali wa pa msewu waukulu, magalimoto mizere yambirimbiri, malole akutidutsa mpaka kagalimoto kathu n'kumanjenjemera. Ndinkayang'ana manja a amayi pachiwongolero. Mawu a anti aja anali atandilowa kwambiri moti ndinakhulupirira kuti moyo wa amayi ukudalira nkhope yanga: ikangosintha pang'ono, afunsa, ndiyankha, magazi awo athamanga, ndipo tonse tikathera pansi pa lole. Choncho ndinaiumitsa nkhope. Amayi ankalankhula za kutentha, za mtengo wa mafuta, kenako anati masiku a Esnart ayenera kuti akwana, awaimbira masana. Ine ndinati, "Chabwino," ndikuyang'ana kunja.

Amene amayi ankawasamalira anali a Walter, mzungu wokalamba amene ankakhala yekha m'nyumba yaing'ono pakati pa mitengo. Pa unyamata wawo ankagwira ntchito pamalo ofufuza zakuthambo omwe ali chapafupi pomwepo, kuwerengera njira za zinthu zimene anthu amatumiza kumwamba. Sitiroko inawaumitsa mbali yakumanzere, ndipo pakamwa panapotoka pang'ono. Musaganize kuti anali nkhalamba yofatsa. Tiyi akazizira ankadandaula, akatentha ankadandaulanso, ndipo amayi akasuntha buku patebulo ankakuwa "Grace" mpaka amayi n'kulibwezeretsa. Ine sankanditchula dzina, ankangoti "mtsikana iwe."

Kumapeto kwa nyumbayo kunali kachipinda kopanda kanthu. Munali mpando umodzi woyang'ana khoma loyera, khushoni yakuda yozungulira imene a Walter analeka kukhalira miyendo itakana, kabelu kooneka ngati mbale yachitsulo ndi kamtengo kake, ndi kachifaniziro ka munthu wokhala chopinda miyendo. Masana aliwonse a Walter ankakhala pampandopo n'kuyang'ana khoma, osawerenga, osapemphera mokweza, osagona. Ankati ndi Zen, njira yokhazikitsira mtima pansi, ndipo anaphunzira ali ku Japan kalekale. Amayi ankawathandiza kukhala pampando chifukwa inali ntchito yawo, koma belu lija anakanitsitsa kulikhudza. M'malo mwake ankawatcherera kawotchi kakukhitchini kophikira mazira. Posesa m'chipindamo ankayamba avundikira kachifaniziro kaja ndi kansalu kopukutira mbale. Ine anandiuza tsiku loyamba lomwe kuti, "Mmenemo usamalowemo. Munthu wamkulu, wophunzira, n'kumapembedza khoma."

M'mawa wonse wa tsikulo ndinagwira ntchito imene sindinatumidwe. Ndinapinda matawulo, ndinatsuka makapu otsuka kale, ndinasesa pakhonde pomwe nyenje zinkalira m'mitengo ngati kwathu mwezi wa Okutobala. Ndikaona kuti misozi yayandikira ndinkathawira kuchimbudzi, n'kutsegula mpopi, n'kugwira sinki ndi manja awiri. Koma kulira sindinkalira, chifukwa maso akanafiira ndipo amayi anga saphonya kanthu. Ndinkadziyang'ana pagalasi, n'kukonza nkhope, n'kutuluka.

Itakwana nthawi ya nkhomaliro amayi anatulutsa foni yawo ndi kakhadi koimbira kunja. Ya a Esnart inali yozimitsa. Anayesa ya amalume, mchimwene wawo, ndipo inaitana mpaka kuduka yokha. Anayesanso. Ine ndinkadziwa chifukwa chake: kumudzi ankaona nambala ya amayi n'kumangoyang'anana, poti anali asanamve kuti amayi auzidwa.

"Anthu awa," anatero amayi, "ukawafuna sapezeka, koma akafuna nsapato amakupeza ngakhale uli m'bafa. Idya, iwe. Bwanji ukungoseweretsa buledi?"

Ndinadya. Nsagwada zinkandiwawa chifukwa cha kumwetulira, mutu unkagunda, ndipo ndinali nditatopa kutopa kumene sindinakudziwepo, kosiyana ndi kwa kuthamanga kapena kutunga madzi. A Walter anali tsidya la tebulo, akutafuna pang'onopang'ono mbali imodzi, diso lawo lili pa ine.

Titatha kudya amayi anawaperekeza ku kachipinda kaja, n'kuwakhazika pampando. Mankhwala ena anali atatha, ndiye anati athamangira kusitolo ya mankhwala imene inali pafupi, ulendo wapansi. Chitseko chitangotsekeka ndinamva mawu akuchokera kumapeto kwa nyumba.

"Mtsikana iwe. Amayi ako aiwala kawotchi kawo ka mazira. Bwera undiimbire belu."

Ndinaima pakhomo la kachipindako. Tsiku lina lililonse ndikanakana, chifukwa lamulo la amayi linali lamulo. Koma mutu wanga unali utadzaza ndi lamulo limodzi lalikulu, moti malamulo ena onse analibe pokhala. Ndinalowa, ndinatenga kamtengo, ndinagunda m'mbali mwa kambale kaja. Kulira kwake kunatalika kuposa momwe ndinkayembekezera, kunkangocheperachepera osatha.

"Khala pakhushonipo," anatero a Walter, m'Chingerezi chawo cholemera lilime, osatembenuka. "Yang'ana khoma."

"Ndizichita chiyani?"

"Palibe. Uzipuma. Mpweya ukamalowa udziwe kuti ukulowa, ukamatuluka udziwe kuti ukutuluka." Kenako anawonjezera ndi ukali wawo womwe uja. "Mapewa ako afika m'makutu chiyambire m'mawa, ndipo ukunditopetsa kukuyang'ana. Sindikufunsa chimene wanyamula. Chiike pansi apa. Palibe amene achibe. Tikamaliza uchitolenso ngati ukuchifunabe."

Anangonena zomwezo basi. Anthu ena ndikawafotokozera nkhaniyi amafuna kuti nkhalamba ija ikhale itanena zakuya, koma ayi ndithu. Inatseka pakamwa n'kuyamba kupuma, mphuno yake ikulira pang'ono ngati ketulo yakutali.

Poyamba sizinandithandize konse. Khushoni inali yolimba, mawondo ankandiwawa, ndipo maganizo ankathamanga kuposa kale. Ndinkakonza zimene ndidzanene amayi akafunsa chifukwa chake ndalowa mmenemo. Ndinkaganiza za ulendo wobwerera, za malole, za maola amene atsala kuti azimayi abwere. Ndinkayesa kutsatira mpweya, n'kuutaya, n'kuupezanso. Khomalo linali ndi kamng'alu kakang'ono ndi pena pomwe penti inatupa, ndipo maso anga anakhazikika pamenepo chifukwa panalibe china choyang'ana.

Kenako ndinazindikira chinthu chaching'ono. Kuyambira pamene foni ija inalira, aka kanali koyamba kuti pasakhale munthu wondiyang'ana kumaso. A Walter anali ndi khoma lawo, ine langa. Khoma silikanadwala BP. Silikanandifunsa kuti bwanji. Ndinamva masaya akumasuka okha, nsagwada zikulekana, mapewa akutsika. Mpweya unalowa mpaka m'mimba, ndipo potuluka unatuluka ndi misozi. Sindinasisime, sindinagwedezeke. Misozi inkangoyenda, kutsika m'masaya, kudontha pachibwano, ndipo sindinaipukute.

A Esnart anabwera m'maganizo mwanga momwe analili, osati ngati uthenga. Ndinawaona akupemerera mbaula ndi chivundikiro cha poto, maso atatsinzina chifukwa cha utsi. Ndinawaona pabwalo la ndege tsiku limene ndinkanyamuka, akundikonza kolala imene inali yokonza kale, akundiuza kuti ndisakachite mwano kwa amayi anga. Zinkabwera, n'kukhala pang'ono, n'kupita, ndipo sindinkazithamangitsa kapena kuzigwira. Pakati pa chimodzi ndi chinzake pankakhala bata lalifupi, momwe ndinkamva nyenje panja, firiji kukhitchini, ndi mphuno ya a Walter. Chisoni chinalipo chonse, sichinachepe. Chimene chinachoka ndi ntchito yolondera, ndipo ndinaiwaliratu kuti amayi abwera.

Sindikudziwa nthawi imene ndinatsika pakhushoni paja. Miyendo itachita dzanzi ndinangotsetserekera pansi, n'kukhala momwe thupi langa linaphunzirira kukhala ku Chilobwe: miyendo yotambalala kutsogolo, manja pamiyendo, mutu wowerama. Umu ndi momwe amayi anandipezera.

Ndinamva pepala la mankhwala likuchita phokoso pakhomo, kenako zii. Ndinadikira kukalipiridwa. Sindinatembenuke, ndinalibe mphamvu zoyambiranso kukonza nkhope.

Chimene sindinkadziwa pa msinkhu umenewo n'chakuti kwathu munthu wobwera ndi uthenga wa imfa salandira mpando. Amafika, amakhala pansi, sapereka moni, sakuyang'ana m'maso, amadikira kuti mtima wako uyambe wadziwa makutu asanamve. Amayi anaziona zimenezi pamene anthu anabwera kudzawauza za imfa ya bambo anga, ine ndili wakhanda. Tsopano anapeza mwana wawo atakhala pansi chotambalala, chete, misozi ili mbwembwembwe, tsiku lomwe mafoni a kumudzi sakuyankhidwa, tsiku lomwe Beatrice waimba m'mamawa kudzapereka moni. A Walter ankaganiza kuti akundiphunzitsa Zen. Amayi anaona wamthenga.

Anaika pepala lija pansi. Anavula nsapato. Analowa m'chipinda chimene ankanyansidwa nacho, n'kukhala pansi pambali panga, miyendo yotambalala ngati yanga, moyang'ana khoma lomwelo. Tinakhala choncho kanthawi, phewa lawo litakhudza langa.

"Ndani?" anafunsa motsitsa. "Amayi kapena Esnart?"

"A Esnart."

"Mwana?"

"Ali moyo."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wapatsidwa malangizo a njira. Kenako anatsegula pakamwa, ndipo munatuluka kulira kumene ndinali ndisanakumvepo m'dziko muno, kulira kwa kwathu, kotchula dzina, kofunsa womwalirayo kuti wamusiyira ndani. Ndinawagwira mkono ndikudikira kuti agwe, maso atembenuke, zimene anti Beatrice ananena zichitike. Mkonowo unali wofunda ndi wolimba. Amayi ankalira, koma sankafa.

A Walter anatembenuza mutu momwe khosi lawo linkalolera. Anafunsa kuti wamwalira ndani, ndipo ndinawauza. Sananene mawu opepesa. Anandituma kukatenga foni yawo ya m'nyumba kukhitchini.

"Grace, imba kwanu. Usayang'ane nthawi."

Amalume anayankha msanga, poti nambalayo sankaidziwa. Amayi anangoti, "Achimwene, ndine. Ndamva." Analankhulana pang'ono, mawu akuduka. Kenako amayi anapempha kuti foniyo ailowetse m'nyumba momwe munali azimayi, aiike pamphasa, asaidule. Ku Chilobwe kunali kutada kale, anthu atasonkhana. Tinaikweza mawu n'kuiika pansi pakati pathu. M'kachipinda kopanda kanthu ka a Walter munadzaza nyimbo za maliro, zikubwera modukaduka, mwana wina akulira chapatali, wina akutsokomola, agalu akuuwa kunja. Amayi anayamba kuimba nawo ndi mawu awo apansi, akumalekeza, n'kuyambiranso. Ndinazindikira mawu a agogo pakati pa enawo. Mapepala a amayi pa nthawiyo sankawalola kutuluka m'dziko n'kubwereranso, ndipo tonse tinkadziwa, ngakhale palibe ananena, kuti kumanda sakafika. Maliro a mng'ono wawo anawakhuza pamenepo, pansi, m'nyumba ya bwana wawo.

Foni itaduka a Walter anati, "Mtsikana iwe, belu." Ndinaliimba. Amayi anadzuka, anakasamba kumaso, anawerenga mapiritsi a masana n'kuwapatsa a Walter ndi madzi. Anawaphikira tiyi, ndipo kwa nthawi yoyamba chidziwireni nkhalambayo inamwa osanenapo kanthu. Tisananyamuke amayi anabwerera m'kachipinda kaja kukatenga nsapato zawo, ndipo ndinawaona akuvundikira kachifaniziro kaja ndi kansalu ka mbale monga mwa masiku onse.

Anayendetsa galimoto okha kubwerera ku Germantown, mumzere wa kumapeto, pang'onopang'ono, malole akutiimbira mahutala. Tinafika bwinobwino.

Dzuwa litapendeka azimayi anafika, ena akadali m'mayunifolomu, atangokulunga zitenje pamwamba. Anatsika masitepe mwakachetechete, anti Beatrice patsogolo, nkhope zonse zitakonzekera. Anapeza mipando titaikankhira kale kukhoma, amayi atakhala pansi ndi duku kumutu.

"Lowani," anatero amayi. "Ndamva kale."

Anti Beatrice anandiyang'ana. Ndinaweramitsa mutu.

"Musamuyang'ane mwanayo," anatero amayi. "Sanathamangire kundiuza. Ndamuona ndekha. Koma Beatrice, ndikukupempha, zoterezi usadzamusenzetsenso."

Anti analira, amayi analira, azimayi onse anawazungulira amayi n'kuwagwira mapewa ndi manja. Chipinda chathu chaching'onocho chinadzaza, kunkatentha, ndipo anthu ankangobwerabe. Mayi wina wamkulu wa kumpingo, poona ine nditaima pafupi ndi chitseko, anandikodola n'kundinong'oneza kuti nditereke madzi a tiyi ndi kutsuka makapu, alendo achuluka. Sanalakwe. Pamaliro ana amatumidwa. Ndinali nditatembenuka kale kulunjika kukhitchini pamene ndinamva mawu a amayi, osasa koma omveka.

"Tadala sapita kukhitchini. Esnart anamulera ameneyu, ine kulibe. Amene wafedwa kwambiri m'nyumba muno ndi iyeyu. Mpatseni malo."

Azimayi anasuntha. Anandikhazika pakati, pambali pa amayi, wina n'kundifunditsa chitenje pamapewa, ndipo manja amene ankagwira amayi anayamba kugwiranso ine. Apo ndinalira mokweza, kutchula dzina, ngati mwana wa ku Chilobwe.

Lero ndine namwino ku chipatala china ku Alexandria, ndipo ndapitirira kale zaka zimene a Esnart anafika. Ntchito yanga ndi yodziwa zinthu eni ake asanadziwe. Ndimaona zotsatira pakompyuta, kenako ndimalowa m'chipinda kukasintha botolo la madzi, achibale akundiyang'ana kumaso, ine n'kumati adokotala abwera posachedwa. Nkhope ija ndinaiphunzira ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo imandidyetsa. Koma imatopetsa, ndipo masiku ena ndimafika kunyumba ndikumva ngati ndasenza wodi yonse.

A Walter anamwalira ndili kusekondale. Sanandiphunzitsenso china, ndipo mpaka kumapeto ankakalipira tiyi. Komabe m'mawa ndisanapite kuntchito ndimapinda bulangeti, n'kukhala pansi, n'kutsatira mpweya. Sindine katswiri. Nthawi zambiri maganizo amakhala ali ku wodi kapena ku zimene ndikaphike. Amayi akandipeza amangopukusa mutu n'kunena kuti, "Za a Walter zija sunasiyebe," ndipo Lamulungu timapitira limodzi kutchalitchi. Mtendere umene anthu amaulemba pa zikwangwani, wa munthu womwetulira pamwamba pa phiri, ine sindinaupeze. Umene ndimaudziwa ndi waufupi, ndipo umabwera ndikasiya kulondera.

Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti kuika chinthu pansi sikuchichotsa. A Esnart sanabwerere chifukwa ndinapuma bwino. Koma chinthu ukachifumbata ndi mphamvu zako zonse suchiona n'komwe kuti n'chiyani, ndipo ena sangakuthandize kuchinyamula. Tsiku lonse lija ndinkayesa kuti ndanyamula chisoni cha amayi, chimene ndiyenera kuwasungira kuti chisawaphe. Akuluakulu onse anaganizanso chimodzimodzi, kuyambira ku Blantyre mpaka kwa anti Beatrice. Zinatengera kukhala pansi, ndi amayi anga otopa amene anali atangotaya mng'ono wawo, kuti ndidziwe kuti m'mawa umenewo ine ndinali mwana amene amayi ake amwalira.